Madontho a Masana

Nuru anakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, kabotolo ka mankhwala a m'maso kali m'manja, koma sanakatsegule. Dzuwa linali pamutu, nthawi yeniyeni yodontheza mankhwalawo. Mawondo ankamuwawa monga mwa masiku onse, ndipo diso lakumanja, limene analichita opaleshoni ku Blantyre sabata yapitayo, linkayabwa kuseri kwa magalasi akuda. Koma chimene chinkamudya mumtima tsiku limenelo si mawondo kapena diso. Linali tsiku loyamba la Ramazani, mwezi umene Asilamu amafunga, kutanthauza kusala kudya ndi kumwa mpaka dzuwa litalowa, ndipo mwa atsikana onse a msinkhu wake m'mudzi mwawo ku Chowe, iye yekha ndiye anali atamwa tiyi m'mawa.

Nuru anabadwa ndi matenda a sikoselo. Magazi ake ankatseka timitsempha, ndipo zikatero mafupa ankaphwanya ngati wina akuwasinja ndi musi. Madzi ndiwo anali chitetezo chake chachikulu. Akangokhala ndi ludzu nthawi yaitali, ululu unkabwera osagogoda. Matenda omwewo anazimitsa diso lake lakumanzere ali Sitandade 6. Kenako lakumanja linachita ng'ala, moti pofika Fomu 2 ankakhala kutsogolo kwenikweni m'kalasi koma zolembedwa pabolodi osaziona. Atachotsa ng'alayo, adokotala sanapite m'mbali. Anauza Nuru ndi makolo ake kuti azidontheza mankhwala kuyambira m'mawa mpaka pogona, osadumphitsa, chifukwa disolo likatupa mkati sipadzakhalanso lina loti akonze.

Ali chikhalire choncho, anamva kuseka kwa atsikana. Anali Halima, msuweni wake, pamodzi ndi anzake awiri, akuchokera kusukulu. Halima sanali woipa mtima, kungoti pakamwa pake panalibe chitseko.

"Tulutsa lilime," anatero Halima asanapereke n'komwe moni.

Umenewu unali mwambo wa ana m'mwezi wa Ramazani. Ankaonetsana malilime, ndipo amene lake linali louma ndi lotuwa ndiye ankadziwika kuti wafungadi, sanabe madzi kumjigo. Atsikana atatuwo anatulutsa awo monyadira ngati akuonetsa malipoti a mayeso.

"Ukudziwa kale kuti ine ndine wodwala," anatero Nuru.

"Tikudziwa. Chaka chatha unali wodwala, chaka chinacho unali wodwala. Ana a Sitandade 3 akufika nako masana kufunga, iwe zaka khumi ndi zisanu sunalaweko ngakhale tsiku limodzi."

"Nditafuna ndikhoza kufunga. Mankhwala a m'maso si chakudya."

Halima anayang'ana kabotolo kaja, n'kupukusa mutu ngati shehe wamkulu. "Ukadontheza, kukhosi umamva chiyani?"

Nuru ankadziwa yankho lake. Dontho lililonse likalowa m'diso, pakapita kanthawi ankamva kakomedwe kowawa ngati kwinini kakutsikira kummero.

"Ndiye basi," anatero Halima. "Chilichonse chofika kukhosi chimaononga kufunga. Zisiye izi, mwana wa amalume. Si zako."

Mawu akuti "si zako" amenewa Nuru anali atawamva moyo wake wonse. Mpira wamanja si wako. Kusamba mumtsinje si kwako. Ulendo wa kalasi wokaona nyama si wako. Anthu ankamusamala ngati dzira, ndipo iye anali atatopa nako kusamalidwako. Masana amenewo anadontheza mankhwala akulira, ndipo mumtima anali atapanga kale chisankho.

Kubisa sikunali kovuta. Chimanga chinali chitayamba kukhwima, ndipo bambo ake, Che Ibrahimu, ndi mayi ake, Abiti Osmani, ankaswera kumunda kuingitsa anyani ochokera kuphiri. Pochoka ankamusiyira phala, mapiritsi ndi chigubu chodzaza madzi. Mawa lake Nuru anadzuka m'bandakucha n'kudya nawo daku, chakudya chimene ofunga amadya kusanache, ndipo mayi ake anangosangalala kuti mwana wayamba kumva njala. Makolowo atangokhota pamtengo wa mango, madzi onse anathiridwa papapaya wa kuseri, phala linapita kwa nkhuku. Nkhuku za Abiti Osmani sizinadyepo bwino ngati sabata imeneyo.

Nkhani ya mankhwala nayo anaipezera nzeru, ndipo ankadziona ngati wochenjera kwambiri. Dzuwa likalowa ankalowa kuchipinda n'kuthira madontho onse a tsiku lonse pakamodzi, n'kuwonjezeranso apamwamba, mpaka ena ankatsikira patsaya. Kwa iye masamu ake anali olondola, chifukwa chimene diso lalephera kulandira masana linkalandira madzulo.

Tisaname, masiku oyambawo anali okoma. Nthawi yofuturu, yomasula kufunga dzuwa likalowa, ikakwana, banja litazungulira maungu ndi phala la mpunga, Nuru ankanyamula kapu ya madzi n'kumwa, ndipo madziwo ankatsekemera kuposa fanta. Kwa nthawi yoyamba ankamva chimene ena onse ankamva. Halima yekha ndiye ankadziwa chinsinsicho. Ataona lilime la msuweni wake litatuwa, anamumenya paphewa n'kunena kuti, "Tsopano wakula." Nuru anagona akumwetulira usiku umenewo, ngakhale msana unali utayamba kukoka.

Diso ndilo linayamba kudandaula. Poyamba linkangotuluka misozi. Kenako kuwala kunayamba kumulasa ngakhale atavala magalasi akuda, ndipo masamba a papaya, amene atangochokera ku Blantyre ankawaona limodzilimodzi, anayambanso kusakanikirana n'kukhala chinthu chimodzi chobiriwira. Nuru anachita mantha, koma anadziuza kuti ndi fumbi chabe. Mayi ake akafunsa, ankayankha kuti zonse zili bwino, magalasi ali kumaso.

Tsiku lina masana kunatentha modetsa nkhawa, kopanda ngakhale kamphepo. Ululu unayambira m'chiuno, n'kutsikira m'miyendo, n'kukwera mpaka m'nthiti. Halima pobwera kusukulu anamupeza atadzipinda pansi m'nyumba, akuluma nsalu kuti asakuwe.

"Nuru, imwa madzi," anatero Halima, atatunga kapu mumtsuko.

"Ayi. Dzuwa latsala pang'ono."

"Latsala pang'ono kuti? Lili pamutu. Imwa, sindikauza munthu."

Nuru anatembenuzira nkhope kukhoma. Halima anataya kapu ija n'kuthamangira kumunda osavala nsapato.

Anamutsitsira kuboma pa njinga yamoto, atamuika pakati pa woyendetsa ndi bambo ake, mayi ake akutsatira pa njinga ina. Bampu lililonse la msewu wotsika phiri Nuru ankalimva m'mafupa. Kuchipatala anamuika diripi ndi kumubaya jakisoni wa ululu. Ululuwo utachepa pang'ono, kunabwera namwino wa kumaso, a Gloria, mayi wamfupi wosakonda kutaya mawu. Anamuvula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. Diso linali psuu, chikope chitatupa.

"Mankhwala akudontheza?" anafunsa a Gloria.

"Kwambiri," anayankha Abiti Osmani, akumasula kabotolo pamfundo ya chitenje. "Onani, katsala pang'ono kutha. Mwana wangayu pa nkhani ya mankhwala sanyozera."

A Gloria anakweza kabotoloko n'kukayang'ana pawindo. "Kameneka kanayenera kukhala kasanafike n'komwe pakati. Nuru, mankhwalawa akupita kuti?"

Panalibenso kothawira. Nuru anafotokoza zonse, za papaya, za nkhuku, za madontho a madzulo, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati akuwakoka ndi chingwe.

"Diso limalandira dontho limodzi basi," anatero a Gloria. "Enawo ankangosambitsa tsaya lako. Ndiye kuti tsiku lonse bala linkakhala lopanda mankhwala, thupi lopanda madzi. Latupa mkati."

"Lichira?" anafunsa Che Ibrahimu.

"Sindikulonjezani, bambo. Tiyesetsa. Koma iyeyu akapanda kutithandiza, ife sitingachite kanthu."

Abiti Osmani anaimirira. "Ndakubereka kumbuyo mpaka miyendo yako ikukhudza pansi, iwe. Ndagona pansi pa mabedi a zipatala zonse. Ndiye diso limodzi lomwe watsala nalo ukalitaye chifukwa choti anzako aone lilime?" Sanadikire yankho. Anatuluka panja atadziphimba kumaso ndi mpango.

Mawa lake masana, mayi ake atapita kukachapa, Nuru anatsala ndi bambo ake. Ankangoona chithunzithunzi cha munthu atakhala pampando. Che Ibrahimu anali munthu wofatsa, wokonda nthabwala, koma kuyambira dzulo lake sanaseke. Anathira madzi m'kapu n'kumuyandikizira. Nuru anatseka pakamwa.

"Diripi yokha sikwanira, amama," anatero bambowo. Ankamutchula choncho akafuna kumunyengerera, popeza dzina la Nuru linali la mayi awo.

"Ndatopa, ababa," anatero Nuru, misozi ikutuluka m'maso onse awiri, lamoyo ndi lozima lomwe. "Ndatopa kukhala wodwala. Kusukulu wodwala, kumasewera wodwala. Ndimafuna kuti pamaso pa Mulungu pokha ndikhale ngati anthu ena."

Che Ibrahimu anatenga dzanja la mwana wake n'kuligunditsa pamilomo yawo. Inali youma, yong'ambikang'ambika.

"Wamva? Kapu iyi ndikuifuna kuposa iwe. Koma amene anandiuza ine kuti ndisamwe, ndi yemweyo akukuuza iwe kuti umwe. Ine ndikamwa ndalakwa. Iwe ukakana walakwanso. Ukuganiza kuti amene anakulenga sawadziwa magazi ako?"

"Koma anthu amati sindidziwa kupirira."

"Anthu ake ati? Ine kupirira kwanga kumatha dzuwa likalowa, ndimadya maungu n'kugona. Nanga mafupa ako amadziwa kuti dzuwa lalowa? Kuyambira uli wakhanda sunafuturupo ululu umenewu ngakhale tsiku limodzi. M'nyumba mwathu muja wodziwa kupirira ndi iwe. Enafe timangoyeserera mwezi umodzi pachaka."

Palibe munthu anali atamuuzapo Nuru zoterozo. Onse ankamumvera chisoni, koma palibe amene ankaoneka kuti akudziwa kuti kudzuka m'mawa, kuvala yunifolomu ndi kuyenda mpaka kusukulu mawondo akuyaka moto inali ntchito. Anatambasula manja, n'kulandira kapu ija, n'kumwa madzi onse bambo ake akumuyang'ana.

"Wonjezerani," anatero.

Che Ibrahimu anaseka koyamba. "Pang'onopang'ono. Usandikhumbize mopitirira."

Anakhala m'chipatala masiku angapo. A Gloria anamupatsa mankhwala amphamvu oti azidontheza pafupipafupi, ndipo anamuphunzitsa kutsindira ndi chala pakona ya diso, pafupi ndi mphuno, kuti kuwawa kuja kusamatsikire kukhosi. Nuru anadabwa kuti chinthu chimene chinatsala pang'ono kumuchititsa khungu chinali ndi yankho laling'ono chotero, ndipo iye sanafunse munthu. Tsiku lotuluka, namwinoyo anamuunika ndi tochi n'kunena kuti kutupa kwayamba kutsika, koma m'mbali mwa diso mwatsala chifunga chimene mwina sichidzachoka. Za pakati pa diso anati ayembekeze, nthawi ndiyo idzanene.

Kunyumba, Halima anatha masiku awiri akungozungulira mpanda osalowa. Tsiku lachitatu analowa nkhope ili pansi, n'kuima pakhonde ngati mlendo.

"Ndinafunsa amwalimu kumadrasa," anatero. "Anandikalipira pamaso pa anthu onse. Akuti wodwala ngati iwe saloledwa n'komwe kudzivulaza ndi kufunga, ndiponso akuti ndisiye kugamula milandu ya chipembedzo ndisanathe kuwerenga bwino. Undikhululukire, Nuru."

"Unandikakamiza ngati? Ndinafuna ndekha."

"Komabe pakamwa pangapa."

"Pamenepo pokha ndiye palibe mankhwala ake," anatero Nuru, ndipo onse awiri anaseka. "Bwera undidontheze. Ndekha ndimaphonya."

Kuyambira tsiku limenelo Halima ankathamanga pochokera kusukulu kuti adzamudontheze mankhwala a masana, atasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Nuru naye anasamutsa mkeka wake kuchoka kuseri kwa nyumba kupita pakhonde la kumaso, chigubu chili pambali. Ankamwa madzi anthu akudutsa. Tsiku loyamba kapu inkalemera ndi manyazi, ndipo mtsikana wina wodutsa anafunsa mokweza ngati Ramazani inatha kale kwa Che Ibrahimu.

"Sindinafunge," anayankha Nuru. "Ndikuchiritsa diso."

Mtsikanayo anangopitiriza ulendo wake. Tsiku lachiwiri kapuyo inapepukako.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Panali masiku amene miyendo inkakana kumunyamula, ndipo mayi ake ankamuthowa ndi nsalu yofunda, osalankhula zambiri, mkwiyo wawo utasanduka mantha. Panali m'mawa wina pamene Nuru anadzuka n'kupeza chifunga chitachuluka kuposa dzulo lake, ndipo analira mpaka masana. Koma analira akumwa madzi, ndipo nthawi ya mankhwala itakwana anagona chagada n'kutsegula diso. Masana ankasenda mtedza woti mayi ake asinje nsinjiro za chakudya chofuturu, poti ntchito imeneyo zala zimaidziwa zokha. Pang'onopang'ono kufiira kunachepa, ndipo nkhope za anthu zinayamba kukhalanso ndi mphuno ndi maso.

Ramazani itafika kumapeto, anthu a m'mudzimo anasonkhana pabwalo la mpira madzulo kuti ayang'ane mwezi watsopano. Ukaoneka, ndiye kuti mawa lake ndi Idi. Ena anali ndi mawailesi, ena mafoni, kudikira kumva ngati waoneka kwina, koma akuluakulu ankafuna kuuona ndi maso awo. Nuru anapempha kuti apite nawo. Mawondo sanali bwino tsiku limenelo, choncho bambo ake anamukweza pakaliyala ya njinga n'kumukankha mpaka pabwalopo, mayi ake ndi Halima akuyenda pambali.

Kumadzulo kunali timitambo tong'ambikang'ambika. Anthu ankaloza uku ndi uku, kutsutsana, wina n'kulumbira kuti wauona koma unali mtambo. Nuru anali atazolowera kuima pakati pa anthu oloza kumwamba n'kumangovomera ndi mutu, chifukwa mwezi wa tsiku loyamba ndi woonda kwambiri, ndipo iye anasiya kuuona ali mwana wamng'ono. Popeza dzuwa linali litalowa, anavula magalasi akuda aja. M'mbali munali chifunga chake chija. Anatembenuza mutu pang'ono kuti pakati pa diso payang'ane pamene pankayera.

Pamwamba pa mtengo wa bulugama, pakati pa mitambo iwiri, panali kamzere koyera kopindika, koonda ngati chikhadabo chowengedwa. Nuru anaphethira, poganiza kuti ndi chilema china chatsopano m'diso mwake. Kamzereko sikanasunthe.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, akuwakoka malaya. "Pamwamba pa bulugama uja, chakumanja pang'ono, pali kanthu? Kapena ndi diso langali?"

Che Ibrahimu anayang'ana nthawi yaitali, atatchinga dzanja pamphumi.

"Si diso lako, amama," anatero. "Ndi mwezi."

Halima anakuwa kuti waoneka, ndipo bwalo lonse linatembenukira kubulugama kuja. Ana anayamba kudumpha, azibambo akuyamika Mulungu, azimayi akufunsana kuti uli pati. Nuru sanachotse diso pakamzere kaja. Mawondo ankawawabe, ndipo ankadziwa kuti mawa, pa Idi pomwe, adzawawanso.

"Amama, mwauona?" anafunsa. "Bweretsani dzanja ndikulozereni."

Abiti Osmani anapereka dzanja, ndipo Nuru analikweza n'kuliloza pamwamba pa mtengowo. Koma mayiwo sanayang'ane kumwamba. Ankayang'ana nkhope ya mwana wawo, misozi ikutsika osaipukuta.

"Ndauona, mwanangu," anatero.